Nyumba yathu yosungiramo zaluso ikudontha: tiyambire pati kuikonza?

Mayi Tembo (mlembi wa komiti)

Moni nonse a pa gulu lino, akuluakulu ndi achinyamata. Ndikulemba m'malo mwa komiti yoyang'anira nyumba yakale imene timasungiramo zojambula ndi zosema za amisiri a kuno ku Chipata. Pa msonkhano wa Loweruka lapitali tinabalalika tisanamange chimodzi, choncho tinagwirizana kuti nkhaniyi ibwere kuno kuti aliyense aikepo mlomo.

Amene munalowamo chaka chino mukudziwa mmene zinthu zilili. Malata a mbali ya kum'mawa adyeka ndi dzimbiri moti munthu ukaima m'chipinda chachikulu masana umaona timadontho ta dzuwa pansi ngati wina wamwaza mapira. Siling'i inagwa pakona ina m'mwezi wa Febuluwale, khoma la kumbuyo limakhala lonyowa kufika m'chiuno ngakhale m'chilimwe, ndipo m'dzinja lathali tinkatchera mabeseni asanu ndi limodzi nthawi iliyonse mitambo ikachita bii kumapiri. Kontirakitala wina watipatsa mtengo wa ntchito yonse. Akuti agumule pulasitala yense wakale n'kumata wa simenti, aike matailosi pansi, achotse mazenera a matabwa n'kuika a aluminiyamu, afolere malata a mtundu, kenako apake penti wa mafuta kunja ndi m'kati. Ndalama zimene tili nazo sizikufika ngakhale theka la mtengowo, ndipo tsopano tili mu Ogasiti, kutanthauza kuti mvula ya chizimalupsa ili pafupi. Funso la komiti ndi lakuti, tiyambire pati, nanga zimene watchula kontirakitalayu n'zoyeneradi nyumba ya zaka zambiri chotere?

Bambo Sakala

Zikomo mayi mlembi. Ine ndagwira ntchito ya zomangamanga kuyambira ndili mnyamata, ndipo nyumbayo ndinaizungulira Lachiwiri pamodzi ndi mwana wanga, ndinakweranso pamwamba pa siling'i ndi tochi. Ndikupempha komiti kuti isavomereze pulasitala wa simenti, ngakhale wina atapereka matumbawo kwaulere.

Nyumbayo inamangidwa ndi njerwa zootcha zofewa, ndipo pakati pa njerwazo anaikapo dothi, kunja n'kumata laimu wosakaniza ndi mchenga. Pansi pa makoma palibe chotchinga chinyezi monga pepala la pulasitiki limene timayala masiku ano pamwamba pa maziko. Madzi a m'nthaka amakwera m'khoma lotere monga mafuta akwerera m'chingwe cha nyali, koma popeza dothi ndi laimu zimapuma, madziwo amatuluka n'kuuma ndi mphepo asanafike patali. Umo ndi mmene nyumbayi yakhalira zaka zonsezi osagwa. Mukamata simenti ndi kupaka penti wa mafuta mwatseka potulukira ponse, madzi amakwerabe kufunafuna njira, ndipo amasiya mchere m'kati mwa njerwa umene umazifumbutsa. Umboni uli pa khoma lakumbuyo lomwelo limene mayi mlembi atchula. Pamenepo wina anamatapo simenti zaka zapitazo, ndipo ndi pokhapo pamene chinyezi chafika m'chiuno. Ndinagogoda ndi chigwiriro cha hamala, panamveka ngati ng'oma, nditabenthula pang'ono njerwa inatuluka ngati ufa wofiira n'kudzaza chikhatho changa. Kunja kunali kosalala bwino, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Poyambira ndi padenga ndi pa njira za madzi. Kuno timalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, ndipo milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi amakhala lita imodzi ya madzi. Ndinayeza dengalo ndi mapazi, ndi lokwana pafupifupi masikweyamita 300, choncho limatsitsa malita 300,000 chaka chilichonse, ndipo onsewo panopa akugwera m'tsinde mwa khoma chifukwa ngalande yakale inakwiririka ndi dothi ndi mizu ya mango. Tifukule ngalandeyo, titsitse dothi limene launjikana m'mbali mwa nyumba, tisinthe malata obooka ndi mapaso atatu amene chiswe chadya. Mapaso enawo ndi a mlombwa, ndinawabaya ndi msomali osalowa, asakhudzidwe.

A Jere

Bambo Sakala, ukatswiri wanu ndikuulemekeza, ndipo pa za njerwa sindingatsutsane nanu. Koma ine funso langa lili patsogolo pa njerwazo. N'chifukwa chiyani tikufuna kuthira ndalama zathu zochepazi pa nyumba ya atsamunda? Tauni ino inkatchedwa Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes, ndipo inamangidwa asilikali a Angerezi atagonjetsa Angoni mu 1898, atapha Nsingu mwana wa Mpezeni ndi kulanda ng'ombe zambirimbiri za makolo athu. Inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911, ndipo nyumba za njerwa za nthawi imeneyo munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito basi, kudzera khomo lakumbuyo. Dzina tinalisintha titalandira ufulu, mu 2017 Chipata inakwezedwa kukhala mzinda, nanga tikukakamiriranji makoma amene akugwa okha? Maganizo anga ndi akuti tigwetse, tigulitse malata ndi matabwa, timange nyumba yatsopano ya mabuloko yooneka monga ife tikufunira, imene mwana wa ku Kapata kapena ku Mchini angalowemo n'kumva kuti ndi yake.

Agogo Nyirenda

Mdzukulu wanga Jere, mawu ako ndawamva ndipo mbiri imene wanenayo ndi yoona, palibe wamkulu wa kuno amene angaikane. Ndikulemba kudzera mwa mwana wa mchemwali wanga chifukwa maso anga sakuonanso bwino pa foni.

Ndikufuna udzapite kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi khomo lakumbuyo limene watchulalo, pamene pulasitala anagwa kalekale. Ukawerame ndi kuyang'anitsitsa njerwa za mzere wachinayi kuchokera pansi. Pali njerwa ziwiri zimene zili ndi zidindo za zala, zala zinayi mbali imodzi ndi chala chachikulu mbali inayo, pamene woumba anaigwira isanaume pochotsa m'chikombole. Ine ndinaikamo zala zanga ndipo zinakwana. Amene anaponda dothilo, kuumba, kutema nkhuni, kuotcha uvuni ndi kusenza njerwazo pamutu sanali Jameson ayi. Anali anthu a m'midzi yomwe ino, ambiri a iwo ankagwira ntchitoyo kuti apeze ndalama ya msonkho wa nyumba. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa oumba njerwa m'tauni muno, ndipo ankatiuza ali pa mphasa kuti msana wawo unapindikira pa uvuni. Sindinganene kuti zala za pa njerwazo ndi zawo, koma ndi za munthu wonga iwo, amene dzina lake silinalembedwe m'buku lililonse la azungu. Ukagwetsa nyumbayo, Jameson sataya kanthu chifukwa dzina lake lili m'mabuku a ku London. Wotaya ndi woumba njerwa uja.

A Jere

Agogo, ndapita m'mawa uno ndisanalowe ku ntchito ndipo zalazo ndaziona. Ndinakhala pamenepo kanthawi ndithu. Sindikubweza zonse zimene ndinanena, pakuti ndikuonabe kuti nyumbayi ikakonzedwa popanda kunena mmene inamangidwira, tidzakhala tikukometsera mbiri yowawa. Koma za kugwetsa ndazisiya. Pempho langa ndi lakuti pamalo a njerwa ziwirizo pasamatidwe chilichonse, patchingidwe ndi galasi, ndipo pambali pake palembedwe m'Chichewa nkhani ya 1898 ndi ya msonkho, osati m'Chingerezi chokha. Ndiponso khomo lakumbuyolo likulitsidwe likhale lolowera alendo onse.

Mayi Zulu (Lusaka)

Ndimakhala ku Lusaka koma kwathu ndi kwa Madzimawe, ndipo ndagwirapo ntchito yokonza nyumba zakale. Pali mbali ya lamulo imene komiti iyenera kuidziwa isanachotse ngakhale zenera limodzi, kuphatikizapo kukulitsa khomo kumene a Jere akupempha. Lamulo la 1989 limene linakhazikitsa bungwe la boma losamalira zinthu zakale, la National Heritage Conservation Commission, limateteza nyumba ndi zomangidwa zonse zimene zinalipo lisanafike tsiku la 1 Januwale 1924, ndipo munthu saloledwa kuzigwetsa kapena kuzisintha popanda chilolezo cha bungwelo. Choncho choyamba ndi kupeza chaka chimene nyumbayi inamangidwa. Yang'anani makalata a malo, funsani ku khonsolo, ndipo Bambo Sakala akamachotsa malata ayang'ane kunsi kwake chifukwa malata akale nthawi zambiri amakhala ndi chidindo cha kampani imene inawapanga. Ngakhale itapezeka kuti ndi ya pambuyo pa 1924, ndi bwino kulembera bungwelo, pakuti kalata yawo imathandiza popempha thandizo kwina.

Ndikugwirizana ndi zonse za laimu, ndingowonjezapo chenjezo limodzi. Laimu amene amagulitsidwa m'masitolo a zaulimi, wothira m'munda wa chimanga kapena wa fodya, ndi mwala wongopera ndipo sagwira khoma ngakhale pang'ono. Wofunika ndi laimu wootcha, wa zomangira, wonga amene amapangidwa ku Ndola. Amanyikidwa m'mgolo wa madzi masiku angapo mpaka akhale ngati phala, kenako muyezo umodzi wa laimu umasakanizidwa ndi miyezo itatu ya mchenga wa kumtsinje. Sauma msanga monga simenti chifukwa amalimba pokoka mpweya pang'onopang'ono, choncho khoma limafunika kuphimbidwa ndi masaka onyowa kuti dzuwa la mu Okutobala lisaling'ambe. Amisiri achinyamata ambiri sanaugwirepo ndipo amafulumira kuthiramo simenti mobisa kuti ntchito ithe msanga, motero pamafunika munthu woima pomwepo tsiku ndi tsiku.

Musade nkhawa kuti ntchito idzatenga nthawi. Nyumba yosungiramo zaluso ya Rijksmuseum ya ku Amsterdam, m'dziko lolemera, inatsekedwa mbali yaikulu kuyambira 2003 mpaka 2013 ikukonzedwa. Ifenso tikhoza kugawa ntchito m'zaka zitatu kapena zinayi, bola denga lithe chaka chino.

Mayi Mbewe

Ine ndine mmodzi wa ojambula amene zithunzi zawo zili m'nyumbamo, ndipo ndikuona kuti takamba kwambiri za makoma, taiwala zimene makomawo akusunga. Pamene siling'i inagwa mu Febuluwale, pansi pake panali chithunzi changa cha amayi obwera ku mwambo wa Angoni wa Nc'wala ku Mtenguleni, chimene ndinachijambula miyezi inayi. Nditachitembenuza, nsalu yonse kumbuyo inali yakuda ndi chuku, utoto unatukuka ngati khungu lopsa ndi moto, ndipo pankhope ya mayi wapatsogolo panatsika mzera wa zitosi za mileme zosungunuka ndi madzi. Ndinachinyamula kupita nacho kunyumba ndikulira. Panalinso zojambula za papepala za mkulu wina amene anatisiya, zimene sizingajambulidwenso, ndipo zitatu mwa izo zinamatirirana.

Pempho langa ndi lakuti mmisiri asakwere padenga zinthu zili m'kati. Chilichonse chijambulidwe ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, chipatsidwe nambala, chilembedwe m'kaundula pamodzi ndi dzina la mwini wake ndi chilema chimene chili nacho, kenako chisamutsidwire ku chipinda chouma chokhala ndi loko. Zithunzi zisasanjikizidwe chogona, ziimikidwe pa matabwa okwera kuchoka pansi, pakati pake paikidwe makatoni oyera, ndipo zisakulungidwe m'pulasitiki chifukwa amasunga thukuta. Ziboliboli zimene zikutuluka ufa m'timabowo zipatulidwe, popeza zafumbwa ndipo zidzapatsira zinzake.

Za mazenera a aluminiyamu ndikuzikana. Mazenera a matabwa amene alipo ndi aatali, ali moyang'anizana, ndipo khonde lalikulu limawatchinga ku dzuwa, moti mu Okutobala m'nyumbamo mumakhala mozizira popanda makina. Kontirakitala akuti galasi lalikulu lidzalowetsa kuwala, koma kuwala kwa dzuwa ndi kumene kumafufutsa utoto ndi kufooketsa pepala ndi nsalu. Wina pa msonkhano anatchula makina oziziritsa mpweya. Tonse tikukumbuka mmene magetsi ankazimira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba. Chipinda chimene chimazizira maola ochepa kenako n'kutentha tsiku lonse chimang'amba matabwa ndi utoto kuposa chipinda chimene chimangopita mphepo.

Bambo Mwale (Mchinji)

Moni abale a kutsidya kwa malire a Mwami. Ndimatsatira gulu lino chifukwa amayi anga ndi a ku Chadiza. Kuno ku Malawi tili ndi chitsanzo chimene chingakulimbitseni mtima. Nyumba ya Mandala ku Blantyre inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya azungu ya African Lakes, makoma ake ndi a njerwa ndi dothi, yazunguliridwa ndi khonde, ndipo mpaka lero ili chiimire, anthu amaonetseramo zojambula ndi kusungiramo mabuku a mbiri ya dziko. Chimene chaisunga ndi denga losadontha ndi khonde loteteza makoma ku mvula. Kwanunso ku Choma, nyumba yosungiramo za chikhalidwe cha Atonga ili m'nyumba imene kale inali sukulu.

Chimene ndikufuna kuchenjeza ndi moto. Nyumba zambiri zakale zimapsa pa nthawi yomwe zikukonzedwa. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chinapsa mu Epulo 2019 ntchito yokonza ili m'kati, ndipo sukulu ya zaluso ya ku Glasgow inapsa kachiwiri mu 2018 ikukonzedwa pambuyo pa moto wa 2014. Mu Sepitembala 2018 nyumba yaikulu yosungiramo zakale ya ku Rio de Janeiro inapsa usiku umodzi, ndipo ofufuza anapeza kuti moto unayambira pa zamagetsi. Bambo Sakala, mutakwera pamwamba pa siling'i, mawaya munawapeza bwanji?

Bambo Sakala

Mwafunsa bwino Bambo Mwale, ndipo ndinalakwa kusatchula. Mawaya ndi akale, ena makoswe anawasenda, ndipo pamalo awiri ndinapeza olumikizidwa ndi tepi atagona pa phaso louma pakati pa zisa za mbalame. Ndikuika mawayawo pa ntchito za chaka chino pamodzi ndi denga. Magetsi azimitsidwe pa bokosi lalikulu kuyambira lero mpaka wodziwa zamagetsi wokhala ndi chiphaso adzaone, ndipo pa nthawi ya ntchito pasapezeke wowotcherera zitsulo kapena wosuta fodya padenga.

Pa za mileme imene Mayi Mbewe adandaula, tisaiphe ndi mankhwala chifukwa idzafera m'siling'i n'kununkha. Timadikira ituluke madzulo, kenako timatseka mipata ya m'mphepete mwa denga ndi waya wa sefa, mphepo izipitabe.

Bambo Banda (Katete)

Ndakhala chete kuyembekeza kuti wina atchule za chipinda chaching'ono cha kumpoto, koma poti palibe wanena, ndinene ndine. M'chipindamo muli zinthu za Gule Wamkulu zimene munthu wina anapereka zaka zapitazo. Mayi Mbewe akuti chilichonse chijambulidwe kutsogolo ndi kumbuyo ndi kulembedwa m'kaundula, ndipo pa zithunzi ndi ziboliboli ndikuvomereza. Koma zinthu za m'chipinda chimenecho sizinganyamulidwe masana ndi aganyu, kapena kujambulidwa m'kati mwake n'kuikidwa pa WhatsApp. Bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, la UNESCO, linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, koma ulemu umenewo sunachotse mwambo wake. Kumapeto kwa mwezi uno kuli Kulamba ku Mkaika, kumene mafumu a Achewa a maiko atatuwa amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Ndikupempha komiti inditume ndikalankhule ndi akuluakulu a dambwe a kwathu, kuti iwo asankhe amuna oyenera odzasamutsa zinthuzo, ndiponso atiuze zimene zingaonetsedwe nyumba ikatha ndi zimene ziyenera kubwerera kumudzi. Ku Mua ku Malawi, m'nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare imene Bambo Claude Boucher anakhazikitsa, zigoba za gule zimaonetsedwa zambiri, choncho njira ilipo, koma iyambe ndi eni ake.

Mayi Mbewe

Bambo Banda, mwandikonza ndipo ndavomera. M'kaundula tidzangolemba nambala ndi kuchuluka kwa zinthu za m'chipindacho monga mmene inu mudzatiuzire, ndipo kiyi wake akhale ndi inu.

A Phiri

Ine ndifunse za ndalama, popeza zonsezi n'zabwino koma zimafuna kwacha. Mu 2022 ndalama za CDF, zimene boma limapereka za chitukuko cha m'madera, zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo mapempho amayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Tikapita kumeneko tidzapikisana ndi zipinda za sukulu, madesiki ndi mijigo, ndipo kunena zoona mayi amene amatunga madzi kutali sadzamvetsa msanga chifukwa chake denga la zithunzi liyenera kutsogola. Pempho lathu lidzamveka ngati tisonyeza kuti ana a sukulu za m'tauni adzaphunziriramo, ndiponso kuti achinyamata adzaphunzira umisiri wa laimu ndi wa matabwa pa ntchito yomweyi. Alendo opita kukaona nyama ku South Luangwa amadutsa m'tauni muno popita ku Mfuwe, ambiri amangomwetsa galimoto mafuta n'kupitirira. Nyumbayi ikakhala bwino, osema ndi ojambula athu adzakhala ndi pogulitsira. Koma ndalama za boma sizingafike mvula isanagwe, choncho za denga tisonkhe tokha. Ine ndikupereka malata khumi.

Mayi Tembo (mlembi wa komiti)

Zikomo nonse. Ndawerengera wapampando zonse pa foni usiku wathawu, ndipo wavomereza kuti kontirakitala timuyankhe kuti ntchito ya pulasitala, matailosi ndi mazenera yaimitsidwa. Magetsi tazimitsa kale m'mawa uno. Kalata yopita ku National Heritage Conservation Commission ndilemba Lolemba, ndipo Mayi Zulu ndikutumizirani kuti muione isanapite, makamaka ndime ya khomo limene a Jere apempha. Loweruka likudzali tikumana pa nyumbayo nthawi ya 7 koloko m'mawa kuti tifukule ngalande ndi kuyamba kaundula. Bwerani ndi makasu, mafosholo, mawilibala ndi makatoni oyera amene mungapeze m'masitolo. Bambo Sakala akuti malata ofunika ndi 46, ndipo ndi khumi a a Phiri atsala 36. Chimene sitinapezebe ndi chipinda chouma chokhala ndi loko, chosachepera mamita asanu m'litali, chimene tingasungiremo zithunzi kuyambira Sepitembala mpaka Disembala. Amene ali nacho, kaya kunyumba kaya ku tchalitchi, andiuze lisanafike Lachinayi kuti Mayi Mbewe akachione.